Chimbudzi cha Bwana Benedict

Lolemba, 3 Juni 1996

Kuzizira. Udzu wa kudambo unayera mbuu m'mawa. Ana a m'kalasi mwanga manja m'khwapa, palibe wofuna kugwira pensulo.

Amayi afika dzulo kuchokera ku Bundabunda. Mlongo wanga Zebron anawakweza lole ya thonje mpaka pa boma. Aonda. Chitenje chikuwazungulira kawiri. Anesi akuti ndi chifuwa chachikulu: jekeseni m'mawa uliwonse mpaka kutha kwa Julayi, osadumphitsa. Akamaliza achira. Akasiyira panjira chifuwa chibwerera chitakwiya. Kumudzi chipatala chili kutali, ndiye akhala kuno, m'chipinda cha mwana wathu Kondwa poti mwiniwake ali kusukulu yogonera komweko.

Koma pali nkhani. Nyumba ino chimbudzi n'chimodzi, cha m'nyumba, chogejemula. Cha Bwana Benedict, amuna anga. Amayi anachisuzumira ali pakhomo, anaona kuti chayang'anizana ndi chipinda chathu, n'kubwerera chafutambuyo. "Apongozi anga ndiye pamene ankhala apa? Awe mwananga." Basi, nkhani yatha. Mpongozi ndi mkamwini salowa chimbudzi chimodzi. Kwathu ngakhale mwana amadziwa. A Benedict nawonso akudziwa bwinobwino, kungoti anakulira kumayadi ku Kabwe ndipo amavala tayi.

Dzenje linalipo, lomwe anakumba omanga nyumba. Bwana analikwirira chaka chatha n'kudzalapo maluwa. Ati pano si pa komboni.

Lachitatu, 5 Juni

Ndapempha kuti tikumbitse kachimbudzi kuseri kwa nthochi. Ndinasankha nthawi yabwino, atadya, atavula nsapato. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Bana Kondwa, ninamanga nyumba ya mapaipi kuti nizinunkhiza chimbuzi cha mugodi? Ba mayo bazazolowela chabe."

Azolowera. Nkhalamba ya imvi mutu wonse iyambe lero kuphunzira kusachita manyazi, chifukwa cha maluwa.

Pakadali pano Rosaria, woyandikana naye nyumba, walola kuti Amayi azipita kwawo. Ali ndi chokumba, chofolera ndi malata. Mulungu amudalitse mayi ameneyu.

Ndipo giza yafa. Chithanki chotenthetsa madzi chija cha kudenga, chomwe Bwana amaonetsa mlendo aliyense asanamupatse n'komwe mpando. M'mawa ndinangomva mkuwo m'bafa, ndimayesa njoka. Ayi. Madzi ozizira agwera kalaliki wa boma pamsana. Ndinaseka mpaka tiyi kundituluka m'mphuno. Amayi amasamba kuseri kwa khitchini, madzi a pa mbaula, chisaka chotchingira mphepo, osadandaula. Bwana tsiku limodzi lokha nkhope yagwa ngati waferedwa.

Aitanitsa Greenwell.

Lachisanu, 7 Juni

Greenwell. Pulambala wathu. Njinga yopanda mabuleki, sipanala imodzi, thumba lodzaza malegeni, mphira zija zodula ku machubu a galimoto. Ndiye anayala mapaipi onse a nyumba ino, chifukwa amaimba kwaya limodzi ndi Bwana ndipo anatchula mtengo wotsika. Mtengo wotsikawo tikuulipirabe mwezi ndi mwezi.

Anakwera kudenga, anagogoda giza ndi sipanala, anaikapo khutu. Anatsika. "Ni mphepo, madamu. Mapaipi yamvela mphepo monga muntu." Kwa Greenwell chilichonse n'chifukwa cha kuzizira. Mwezi wa Okutobala chilichonse chinali chifukwa cha kutentha.

Akuti chitsulo chotenthetsa cha m'kati chapsa, tigule china ku Lusaka. K45,000. Bwana sanaphethire n'komwe. Ndalama imeneyi ikanakumba dzenje, kuliyala mitengo, kulifolera, n'kutsalako ya sopo. Ndinanena. Anati ndisasakanize nkhani.

Amayi adyako pang'ono lero. Phala ndi nthochi theka. Matako atupa ndi jekeseni, akukhala chammbali.

Loweruka, 8 Juni

Chitsulo chatsopano chafika m'chikwama cha Bwana, chokulungidwa m'nyuzipepala ngati khanda. Greenwell wachiika. Wayatsa magetsi giza ilibe madzi m'kati. Fungo la waya wopsa nyumba yonse. Chapsanso.

Ndinafunsa ngati nayonso ndi mphepo. Anandiyankha ndithu, opanda manyazi: "Mphepo inalengesa kuti niibale, madamu."

Kenaka potsegula madzi anasiya cholumikizira chosamanga. Siling'i ya pakhonde la m'kati yafufuma, ikudontha. Ndaika beseni. Iye wamangapo malegeni. Wadya, wapempha ya transipoti, ngakhale anabwera pa njinga. Bwana apereka.

Tsopano amuna anga akusamba madzi a pa mbaula. Wowatenthetsera ndi ine. Makala akutha kawiri kuposa kale.

Lachiwiri, 11 Juni

Abson, mwamuna wa Rosaria, wamva kuti chifuwa cha Amayi ndi chachikulu. Wakhoma loko pa chimbudzi chawo. Loko weniweni, watsopano, pa chitseko cha chimbudzi chomwe pansi pake pali mpata woti mbuzi n'kulowa. Rosaria anabwera kumpanda maso ali pansi. "Mukhululuke amake Kondwa, ba Abson bayopa bana." Sindimuda. Ndamuuza kuti anesi anati matendawa sayenda m'dzenje. Koma Abson amadziwa zonse, anagwirapo ntchito yosesa pa famu ya dokotala wa ng'ombe.

Ndapatsa Amayi chidebe chokhala ndi chivindikiro kuti chizikhala kuchipinda. Anachikankha ndi phazi. "Sindine khanda. Ndipo uzakataya kuti? Si mwamene muja?" Zoona. Ndikanakataya momwemo.

Ndiye akupita kudambo. Kutsika njira ya ng'ombe, kudutsa munda wa chimanga chouma, mpaka pa zitsamba za m'mphepete mwa mtsinje. Amadzuka kusanayere kuti anthu asawaone. Nthawi yomwe chisanu chimakhala chitagona pa udzu. Munthu wa chifuwa.

Ndauzanso Bwana. Ati mwezi ukatha tiona. Ndikuwadziwa mawu amenewa. Ndinakwatiwa nawo.

Lachinayi, 13 Juni

Chimbudzi chotchuka chatsekeka. Ukagejemula madzi akukwera m'malo motsika. Amafika pamlomo penipeni, n'kuima, n'kumakuyang'ana.

Bwana anatuluka atagwira mphuno ndi mpango. Ndipo anapeza wolakwa pompo. "Ni visononkho ivi. Bantu ba kumunzi baponyamo visononkho va milisi." Zitsononkho za chimanga. Akunena Amayi anga. Amayi amene chifikireni sanapondemo ngakhale chala. Amene akuzizidwa kudambo pofuna kulemekeza iwo omwewo.

Ndinawafunsa kuti kodi Amayi amaziponya bwanji zitsononkhozo, pawindo? Anathamangira minibasi.

Amayi anamva. Makoma a nyumba ino ndi opyapyala, simenti inathera ku matailosi a m'bafa. Anangosesa bwalo lonse, ngakhale ndinawaletsa, mpaka chifuwa chinawakhazika pansi.

Ndakwiya kwambiri lero. Ndalanga mwana wosalakwa m'kalasi.

Lamulungu, 16 Juni

Greenwell wabwera titaweruka kutchalitchi, akadali mu yunifomu ya kwaya. Waya wautali wa mpanda. Wasolola, wakoka, wasolola. Palibe chitsononkho ngakhale chimodzi. Ndinaima pomwepo dala, manja m'chiuno, kuti ndione. Bwana anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo.

Greenwell akuti mafuta a m'khitchini agwirana m'paipi chifukwa cha mphepo. Mafuta ati? Botolo limodzi la saladi timalikoka mwezi wonse. Wathira ketulo ya madzi otentha m'chimbudzi. Mbale yake yachita mng'alu kuchokera pamwamba mpaka pansi. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatulutsa malegeni. Ndinachoka, ndikanamumenya ndi chipande. Madzi a m'nyumba tatseka, tikutunga pachitsime.

Mmene zinthu zilili tsopano: ine ndimapita cha kusukulu, chokumba, cha aphunzitsi aakazi. Bwana amanyamuka ndi minibasi yoyamba osamwa tiyi, nkhope ili gwa, kukafikira ku ofesi ku Lusaka. Ulendo wonsewo atadzigwira. Madzulo sadya kwambiri, ati akuchepetsa mimba. Amayi kudambo. Nyumba ya mapaipi, anthu atatu, aliyense ndi tchire lake.

Kutchalitchi m'mawa ndinamva Bwana akuuza mkulu wina kuti akafuna kumanga abwere adzaone pulani kwathu.

Lachitatu, 19 Juni

Amayi anachedwa kubwerako. Ndinawatsatira. Ndinawapeza atakhala pa chulu m'munda muja, chitenje chanyowa mpaka m'mawondo, mapazi ayera ndi kuzizira. Akupuma ngati akwera phiri. "Nipumulako chabe." Ndinawabereka. Amayi anga ondibala, ndinawabereka kumsana ngati mtolo wa udzu, ndipo sanalemere. Ndinalira njira yonse, iwo akundiuza kuti ndisiye, anthu angaone.

Kuchipatala sikelo sinasunthe. Anesi anandikalipira pamaso pa anthu. "Imwe ba ticha, muwagoneka panja amai aba?" Ndikanayankha chiyani? Kuti ayi, amagona m'nyumba ya siling'i, pafupi ndi bafa la matailosi?

Basi. Sindipemphanso. Mwezi uno chilimba ndi changa, ndalama timasonkherana aphunzitsi ija. Ndimati ndigulire Kondwa bulangete lachiwiri. Kondwa ndi mwana, magazi ake ndi otentha. Ndatuma uthenga kwa Zebron kudzera kwa dalaivala wa lole ya thonje: abwere ndi piki ndi fosholo.

Loweruka, 22 Juni

Zebron wafika. Piki paphewa, nkhuku m'manja ya alamu ake. Ulemu wa kwathu, kupatsa nkhuku munthu amene akuzunza mayi ako.

Bwana ataona piki anandiitanira kuchipinda. Mawu apansipansi, oopa kuti mlamu angamve. Ati ndawanyoza. Ati pulotiyi ndi yawo. Ati anzawo a ku ofesi akabwera adzati chiyani. Ndinati adzati chomwe akunena panopa akamakuonani mukuthamangira kuchimbudzi cha boma musanapereke moni. Anakonza magalasi. Kenaka: "Chikumbiwe kwamene sichioneka ku museu." Chisaonekere kumsewu. Ndiye lamulo la mwini nyumba limenelo.

Kuseri kwa nthochi. Zebron wayamba. Nthaka yauma gwa, piki ikudumpha. Iye sadandaula. Amavula malaya ngakhale kukuzizira, amalavulira m'manja, n'kumakumba. Bwana anamuyang'ana pawindo kanthawi, kenaka anakathirira maluwa.

Nkhuku tadya. Chiwindi ndapatsa Amayi, Bwana akuona.

Lachitatu, 26 Juni

Greenwell wafukula paipi yochoka kuchimbudzi kupita ku thanki ya zonyansa. Ndinapita kukaona ndi maso anga. Paipiyo ikukwera. Ikuchoka m'nyumba n'kumakwera mtunda pang'onopang'ono. Zaka ziwiri zonsezi zinthu zakhala zikukankhana chokwera, mpaka zatopa. Ndinamufunsa kuti anaonapo kuti madzi okwera phiri. Anakanda m'mutu. "Nthaka inasendemuka na mphepo, madamu."

Afukule yonse, ayalenso. Mapaipi atsopano, simenti, mbale yatsopano m'malo mwa yong'aluka ija. Watchula mtengo woposa malipiro anga a mwezi. Bwana anakhala pansi pa sitepe. Kwa nthawi yoyamba ndinawamvera chisoni, pang'ono, mpaka pomwe anati mwina tibwereke ya chilimba ija. Ndinawalozera kuseri kwa nthochi. Ndinati ili m'dzenje.

Ntchito idikira malipiro a Julayi. Ngalande yatsala yotsegula pakati pa bwalo. Fungo. Ntchentche mwezi wa Juni, chinthu chomwe sindinaonepo.

Koma kuseri kuja zikuyenda. Zebron akakhala m'dzenje mutu suoneka. Amayi akhala padzuwa tsiku lonse akusankha udzu wa mpanda, akumulangiza ngati sanakumbepo. Ati pakamwa pachepe, ati mitengo ikhale ya mubanga chiswe chingadye. Anaseka lero. Zebron anati akumba mpaka apeze mkuwa tilemere, iwo anaseka mpaka kutsokomola. Chifikireni ndinali ndisanamve kuseka kwawo.

M'mawa akupitabe kudambo. Ndimawaperekeza, nditawafunditsa jekete langa. Masiku ochepa okha atsala.

Loweruka, 29 Juni

Chatha. Mitengo yayalidwa, dothi pamwamba, mpanda wa udzu wokhota pakhomo kuti munthu asaonekere, kadenga ka udzu. Amayi azira pansi okha ndi dothi lakuda la kudambo, atagwada, akusalaza ndi mwala. Ndinati ndiwathandize, anandimenya dzanja. Pomaliza anaima n'kuchiyang'ana ngati nyumba ya njerwa. Akuti chiume kaye lero ndi mawa, ayamba Lolemba.

Lolemba ndi Lachiwiri ndi holide. Masiku anayi ofesi ili yotseka. Ndafunsa Bwana kuti nanga muzipita kuti. Ati ku bala ya pa boma kuli chimbudzi chabwino, mwini wake ndi mnzawo. Ndawauza pamaso, Zebron akumva: chakuseri kwa nthochi ndi cha Amayi, ine ndemwe sindilowamo mpaka iwo atayamba. Anaseka. "Ine? Mu chisakasa chija? Bana Kondwa, nilemekezeniko."

Anyamuka masana kupita ku bala. Munthu sungalowe chimbudzi cha bala osagula kanthu, ndiye agula. Abwera akuimba nyimbo za kwaya.

Zebron akhala mpaka holide ithe. Ndamugulira fodya ndi sopo. Mtima wanga wakhala pansi. Mwezi umodzi wa jekeseni watsala, ndipo Amayi sadzapondanso chisanu.

Lolemba, 1 Julayi

Ndilembe bwanji.

Dzulo Bwana anakhala ku bala tsiku lonse. Mowa, ndi nyama ya mbuzi yowotcha ya pamsewu, yomwe inaphedwa kaya liti. M'mawa kutayera ndinamva akudzuka mofulumira. Chitseko cha kukhitchini. Ndinaganiza kuti akuthamangira ku boma. Ndinatembenuka n'kugonanso. Ine chitsiru.

Amayi anali atadzuka kale. Anasamba kumaso, anavala chitenje chochapa, anatenga kachitini ka madzi. Tsiku lawo loyamba. Anazungulira nthochi. Anakumana nawo pakhomo penipeni pa mpanda wa udzu, akutuluka, akumanga lamba, nyuzipepala kukhwapa.

Zebron anaona zonse ali pa mulu wa dothi. Akuti Amayi anatembenuka n'kugwada kuyang'ana kumbali, chitenje kumaso. Akuti Bwana anati, "Mwauka bwanji ba mayo," n'kudutsa.

Mwauka bwanji!

Ndinawapeza m'bafa akusamba m'manja ndi madzi a m'chidebe. Sindikumbuka zonse zomwe ndinanena. Iwo ndikukumbuka. "Mu mimba munavuta, nanga nikanachita bwanji? Kamozi chabe. Chimbuzi chili na zina la muntu?" Ndinati dambo lilipo. Dambo lomwelo nkhalamba yodwala yakhala ikupitako milungu itatu. Anati iwo ndi munthu wodziwika, wina akanawaona.

Wina akanawaona. Ndiye anasankha kuonedwa ndi apongozi awo.

Amayi sanapite ku jekeseni. Akhala m'chipinda, chitseko chotseka. Phala labwerera momwe linapitira. Masana ndinawaona pawindo akutsika njira ya ng'ombe, dzuwa lili pamutu, anthu akuona. Sakusamalanso.

Lachiwiri, 2 Julayi

Apita.

Ndinagwada. Ndinati Zebron akumba china, sabata imodzi yokha. Zebron anati ayamba pompano, anagwira piki. Ndinati tigwetse mpandawo timange wina, tizirenso pansi. Anapukusa mutu. Sanakwiye, ndiye chondipweteka. "Si dzenje, mwananga. Maso yanga yaona apongozi. Nizankhala bwanji pa nyumba yao? Nizadya bwanji chakudya chao?" Ndinati jekeseni, Amayi, jekeseni. Anati Mulungu aliko ndi ku Bundabunda komwe.

Anamanga kamtolo kawo. Anapinda bulangete la Kondwa bwinobwino. Anasesa m'chipindamo. Potuluka anadzera khomo la kukhitchini kuti asadutse pabalaza pomwe panali Bwana. Anauza ine kuti ndiwathokozere apongozi powasunga.

Ndinawathokozeradi, mawu ake omwewo, nditaima pakati pa balaza. Bwana anatsitsa nyuzipepala. "Ni nkhani ya toileti chabe iyi? Bazabwela, mutima ukapola." Kenaka anafunsa ngati madzi osamba atentha.

Sanatenthe. Satenthanso ndi manja anga.

Lachisanu, 5 Julayi

Kuchipatala kukapempha kuti andipatse mankhwala ndipite nawo kumudzi. Mapiritsi andipatsa. Jekeseni ayi, ndani akabaya? Anesi sanakalipe ulendo uno. Anangotseka kaundula n'kunena kuti ndiwabweze msanga, chifuwa chotere sichidikira. Kukalipa kuja kunali bwino.

Bwana tsopano akulowa kuseri kwa nthochi m'mawa uliwonse, poyera, akuimba mluzu. Ati poti chilipo. Ati mpweya wake ndi wabwino kusiyana ndi momwe ankaganizira. Dothi lomwe Amayi anazira atagwada. Dzulo anandiuza kuti tiikemo msomali wopachikapo nyuzipepala.

Greenwell anadutsa kudzafunsa ngati malipiro atuluka. Ndamuuza kuti mphepo yawagwira.

Lamulungu, 14 Julayi

Ndabwerako ku Bundabunda. Lole popita, wapansi kuchokera pamsewu. Amayi agona m'khitchini pafupi ndi moto. Thupi latsikanso. Mawu akutuluka ngati akuchokera m'chitini. Mkazi wa Zebron anandionetsa kansalu komwe amatsokomolera, anakabisa msanga. Ndinaona.

Ndinati tiyeni. Anati mphepo ikatha. Ndinati a Benedict apepesa. Bodza, ndipo anadziwa. Anandisisita dzanja. "Ni bamuna bako, usabatukane. Anamanga nyumba yabwino. Madzi yachoka mu chipupa." Ndinati madzi ake ati, Amayi, mwezi wathunthu tikutunga pachitsime. Anamwetulira. Anafunsa ngati Kondwa ali ndi chofunda.

Ndinafunsa kuti nanga nditapeza nyumba ina, yopanda mwamuna, pafupi ndi chipatala? Anayang'ana pamoto. Kenaka anati, "Ukaipeza uniuze."

Pobwera ndinapeza ngalande ija Bwana aitchinga ndi malata akale kuti alendo asaione. Fungo lokha ndiye sanalipezere lata.

Lachiwiri, 23 Julayi

Ndayenda. Nyumba za pa boma zodula, ndipo akangomva za chifuwa chitseko chimatsekeka. Wina anati chipinda chilipo, nditatchula matenda anati wakumbuka kuti mphwake akubwera. Akhristu onsewa, timakhala benchi limodzi.

Mayi Jenala, mphunzitsi mnzanga wa giredi 2, wamasiye, amakhala m'nyumba ya sukulu. Zipinda ziwiri, chimbudzi chokumba, mwamuna palibe. Anandipeza ndikulira kuseri kwa ofesi ya ahedi. Ndinawauza zonse, ndi za lamba zomwe. Sanaseke. Anati mng'ono wawo amene akukhala naye achoka mwezi ukatha, Amayi abwere. Matenda sawaopa, amuna awo anawadwazika okha. Ndinafuna kuwagwadira.

Ndatuma uthenga kwa Zebron: Loweruka la pa 3 Ogasiti ndikubwera kudzawatenga. Adye, alimbe. Anesi akuti jekeseni tidzayambira poyamba. Tiyambire poyamba, palibe kanthu.

Ndi Bwana tikulankhulana za mchere ndi makandulo basi.

Lachinayi, 1 Ogasiti

Malipiro anatuluka Lolemba. Onse a Bwana, ndi ngongole ya ku ofesi pamwamba, apita m'nthaka. Mapaipi atsopano, mbale yatsopano, chitsulo chachitatu cha giza. Greenwell ndi mnzake masiku atatu m'ngalande. Ulendo uno ndinaima pamwamba pawo mpaka paipi inaloza kumunsi. Akwirira masana ano.

Bwana sanapite kuntchito, ati ayang'anire. Panopa ali m'bafa ndi Greenwell, akugejemula. Kugejemula, kudikira thanki idzaze, kugejemulanso. Akuseka ngati ana. Giza nayo yatentha. Aitana Abson adzaone, Abson wabwera ndi chipewa m'manja ngati akulowa m'tchalitchi. Ndamva Bwana akuti chakuseri kwa nthochi chija achikwirira sabata yamawa, malowo ndi abwino kudzalapo kapinga.

Akwirire. Ine zanga zakonzeka. Chipinda cha kwa Mayi Jenala ndakolopa dzulo, mphasa ndi matiresi ndapititsa pa wilibala. Ndagula shuga, mazira, mafuta opaka. Dalaivala wa lole walonjeza kuti Amayi adzakhala kutsogolo, osati pamwamba pa mabelo. Mphepo nayo yayamba kuchepa, m'mawa muno udzu unalibe chisanu. Mawa ndikapempha ahedi kuti Loweruka

Akundiitana. "Bana Kondwa, bwelani muone mwamene yayendela!" Ndikubwera, Bwana, ndidzaone madzi akutsika.

Pageti pali munthu. Zebron. Lachinayi? Uthenga unati Loweruka, ndipo wopita ndi ine. Alibe piki, alibe nkhuku. Wavala jekete lakuda la malemu Atate. Sakulowa. Wandiona pawindo, wavula chipewa, wakhala pansi pafumbi pomwepo pageti, ndipo m'bafa akugejemulabe, akundiitanabe, ine sindi